Kusalabadira Chabwino ndi Choipa

Pa maphunziro a makhalidwe, kusalabadira ndi mtima wosafunsa n'komwe ngati chochita chili chabwino kapena choipa. Munthu wina akalakwa amachita manyazi chifukwa chikumbumtima chikumutsutsa. Wosalabadira chikumbumtima chake chimangoti zii, iye nkumawerengera phindu lokha. Achewa amati wotereyu alibe umunthu.

Mtimawu umaoneka m'mawu akuti "za boma zilibe mwini". Unaonekera poyera pa mlandu wakuba ndalama za boma wotchedwa Cashgate mu 2013 ku Capital Hill, mu Lilongwe. Kudzera mu IFMIS, njira ya pakompyuta yomwe boma limalipirira ndalama, makampani ankalipidwa osagwira ntchito iliyonse, kenako zolembedwa zake nkufufutidwa m'makompyuta. Kampani ya Baker Tilly, yomwe inafufuza za nkhaniyi, inapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa pakati pa Epulo ndi Seputembala, chaka chomwe odwala ankabwezedwa m'zipatala za boma chifukwa chosowa mankhwala.