Kalulu Anawoloka Nyanja

Agogo anga ankatisimbira za Kalulu amene anamatirira pa chidole cha ulimbo pachitsime. Ine ndinkayesa nthanoyi ndi yakwathu kokha. Nditakula ndinaipeza m'buku la Joel Chandler Harris, Uncle Remus, la mu 1880. Mmenemo Kalulu akutchedwa Brer Rabbit, ulimbo uja wasanduka phula.

Harris anazimva nthanozi ali mnyamata, kwa akapolo a pamunda wa Turnwold ku Georgia. Makolo awo anachoka nazo ku Africa m'mutu, popeza m'manja munali maunyolo. Chimene chimandiwawa n'chakuti pachikuto pali dzina la mzungu, pomwe eni nthano anawasandutsa nkhalamba imodzi yopeka, Uncle Remus, yosadandaula za ukapolo.

Ku England, Beatrix Potter anajambula zithunzi za nthano zomwezi asanatulutse buku lake la Peter Rabbit mu 1902.