Kufinya Si Kutsendera

M'maofesi ndi m'malo osindikizira zikalata mwafala mawu akuti “ndafinya mafayilo aja”. Mawuwa ndi olakwika, ndipo kulakwako sikuthera pakamwa pokha. Chofinyidwa chimataya madzi, ndipo sichibwereranso mmene chinalili. Zimenezi ndi zomwe JPEG imachita ndi chithunzi, kapena MP3 ndi nyimbo: imataya tizigawo tina tomwe diso ndi khutu sizingazindikire. ZIP, RAR ndi 7z sizitaya kanthu. Zimachita zomwe mlimi amachita ndi fodya pomanga belo: kusonkhanitsa pamodzi, kenako kutsendera kuti malo achepe. Ukamasula, tsamba lililonse lilipo. Mawu oyenera ndi kutsendera.

Kumanga mtolo ndi kutsendera ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo a Linux amazidziwa bwino. Pulogalamu ya tar, yomwe inayamba pa Unix mu 1979, imangomanga mafayilo ambiri kukhala mtolo umodzi. Ya gzip ya 1992 imatsendera fayilo imodzi yokha. Ndiye chifukwa chake mumaona dzina lothera ndi .tar.gz. ZIP, yomwe Phil Katz anatulutsa mu 1989, imachita zonse ziwiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake anthu amaziyesa chinthu chimodzi.

Wodziwa kusiyanaku sadabwa akaona kuti zithunzi za ukwati zomwe waziika mu ZIP sizinachepe kwenikweni. Zinafinyidwa kale, palibenso choti n'kutsendera. Pulogalamu sinalakwe ayi.

Mneni woti kuzipa ndilibe naye mlandu. Walowa m'chinenero mwaulemu ndipo akutsata malamulo athu: ndazipa, zipani, zazipidwa. Koma “kuanizipa” ndiye ayi. Amene amamanga amamasula, amene amatseka amatsekula. Tizingoti masulani.

Mawu enanso osokeretsa ndi akuti yaulere. Ambiri amati WinRAR ndi yaulere chifukwa imapitiriza kugwira ntchito ngakhale sunalipire. WinRAR, ya Eugene Roshal, ndi yogula. Amangokulola kuiyesa kwa masiku 40, ndipo kachikumbutso komwe kamatulukira pa sikirini pambuyo pake n'kokuuza kuti ulipire. Imeneyo tiziti yoyesera. Yaulere yeniyeni ndi 7-Zip ya Igor Pavlov, yomwe ilipo kuyambira 1999. Imamasula ZIP, RAR ndi tar, ndipo imatha kukhoma mtolo ndi pasiwedi pogwiritsa ntchito AES-256. Chomwe siingathe n'kumanga RAR. WinRAR nayo ili ndi chake chabwino: imatha kuikamo kachigawo kothandiza kukonza mtolo ukawonongeka pang'ono.

Chomaliza, musamati “ndasunga” pamene mwangozipa. Mtolo ukadali pa kompyuta yomweyo, disiki ikafa nawonso wapita. Kusunga n'kukopera kwina.

Ngati mukutumiza mafayilo kwa munthu yemwe simukudziwa kompyuta yake, mangani ZIP, chifukwa Windows ndi macOS zimaimasula popanda pulogalamu yowonjezera. Zina zonsezo 7-Zip ikukwanirani, bola muitenge pa webusaiti ya mwini wake.