Zingwe ndi Mabowo a Pulojekita: Kasankhidwe Kake ku Petauke ndi ku Nyimba

Pulojekita ndi makina oponya chithunzi pakhoma kapena pansalu yoyera, kuti chimene akadaona munthu mmodzi pagalasi la kompyuta chionedwe ndi khamu lonse. Makinawa nthawi zambiri salandira kanthu paokha, pakuti chithunzi chimawafika kudzera m'chingwe, chimene ambiri kuno amachitcha nthambo kapena kebulo, ndipo chingwe chilichonse chili ndi bowo lake loyenerana nacho. M'maboma a Petauke ndi Nyimba, dziko la Ansenga limene msewu wa Great East umadutsamo, pulojekita amagwira ntchito m'masukulu, kumene ana a Giredi 9 anayamba kulemba mayeso a kompyuta mu 2015, m'matchalitchi, m'misonkhano ya alimi ndi ya azaumoyo, ndi m'nyumba zoonetsera mpira. Popeza Petauke ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku Lusaka, munthu amene wagula chingwe cholakwika mumzindamo sabwerera tsiku lomwelo kukasintha. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Bowo lakale, lomwe likadali lochuluka pa makina amene masukulu ndi mipingo analandira ngati mphatso, ndi la VGA, limene kampani ya IBM inatulutsa mu 1987. Limadziwika ndi mtundu wake wabuluu, timano 15 tondanda m'mizere itatu, ndi tizomangira tiwiri topotokola ndi zala. Limanyamula chithunzi chokha, mawu ayi, kotero wogwiritsa VGA ayenera kukhala ndi chingwe chachiwiri, cha kamutu ka mamilimita 3.5 konga ka mahedifoni, chochokera pa kompyuta kupita ku sipika. Chofooka chake chili pa timano. Kamodzi kakapindika, monga zimachitika munthu akalowetsa mutu mokakamiza m'chipinda chamdima, umodzi mwa mitundu itatu yopanga chithunzi, wofiira, wobiriwira kapena wabuluu, umasowa, ndipo nkhope ya wolankhula imaoneka yachikasu kapena yofiirira ngati ya wodwala. Anthu n'kumanena kuti babu latha, pamene mlandu uli pa kadzino kamodzi kotheka kuwongola ndi nsonga ya singano. Pambali pa bowo la VGA pamakhala nthawi zina bowo lofanana nalo la timano 9 m'mizere iwiri, lotchedwa RS-232, lomwe ndi lolamulira makina ndipo silidutsa chithunzi. Pena pamakhalanso VGA yachiwiri yolembedwa Out, yotulutsa osati yolandira.

Mu 2010 makampani a Intel ndi AMD analengeza kuti adzaleka VGA pofika 2015, ndipo ichi ndicho chifukwa chake laputopu yatsopano ndi pulojekita wakale kawirikawiri samvana.

M'malo mwa VGA munalowa HDMI, imene malamulo ake oyamba analembedwa mu 2002. Mutu wake ndi wophwatalala, wodulidwa ngodya ziwiri za m'munsi, wa timano 19 tobisika mkati, ndipo umanyamula chithunzi ndi mawu pamodzi. Pamene zida zonse ziwiri zili ndi bowo limeneli, palibenso chofunsira kwina. Koma HDMI ili ndi khalidwe lake pa nkhani ya utali: VGA ikatalika chithunzi chimangochita chimbuuzi pang'onopang'ono, pamene HDMI imaonetsa bwino lomwe kufikira malire ake, kenaka n'kuyamba kuthwanima kapena kuzimiratu. Chingwe wamba chimakhulupirika mpaka mamita 10, mwina 15 chikakhala chabwino ndithu. M'tchalitchi chachitali, momwe pulojekita wapachikidwa kumitanda ya denga pamene mnyamata wa laputopu wakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, pafunika chingwe chokhala ndi kachida kokuzira mphamvu m'mutu mwake, kapena tibokosi tiwiri totumiza chithunzi kudzera mu waya wa netiweki wa Cat6. Kulumikiza zingwe zazifupi zitatu kuti zifike ndiko kudziputira mavuto, chifukwa mfundo iliyonse imadya mphamvu.

DisplayPort, ya 2006, imafanana ndi HDMI kwa woyang'ana mothamanga, koma ndi yodulidwa ngodya imodzi yokha, ndipo woikakamiza amaphwanya bowo. USB-C, ya 2014, kabowo kakang'ono kolowa mbali zonse ziwiri, ndi yonyenga koposa, pakuti si bowo lililonse la maonekedwe amenewa limene limatulutsa chithunzi; mafoni ambiri otsika mtengo amangotchajira pamenepo, ndipo adapta, ingakhale yabwino motani, siingatulutse chimene foniyo ilibe. Timitu tozungulira ta RCA, kachikasu ka chithunzi, kofiira ndi koyera ta mawu, n'tokwanira pa DVD, koma malemba ang'onoang'ono a phunziro sawerengeka nato.

Pamene mabowo asiyana pafunika konveta, ndipo apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayika, chifukwa konveta imayenda njira imodzi ngati madzi a mtsinje wa Luangwa. Yotenga HDMI ya laputopu n'kupereka ku VGA ya pulojekita siigwira ntchito ikatembenuzidwa. Yochokera ku VGA kupita ku HDMI ndi chida china, chofuna mphamvu ya pa USB ndi chingwe chake cha mawu. Wogula anene kwa mwini sitolo chimene chikutulutsa ndi chimene chikulandira, ndipo nzeru yoposa ndiyo kujambula kumbuyo kwa zida zonse ziwiri ndi foni asanakwere basi. Oonetsa mpira adziwenso kuti madikoda ena ali ndi loko wotchedwa HDCP, woletsa kukopera, amene angadetse chinsalu chithunzi chikadutsa mu konveta ya VGA.

Chingwe cha magetsi, kapena malaiti monga amanenera ku Zambia, pa mapulojekita ambiri ndi chonga cha ketulo, cha pulagi ya mano atatu, ndipo mphamvu ya magetsi a kampani ya ZESCO ndi mavolti 230. Dzino lachitatu, lotsitsira mphamvu yosokera pansi, lisathyoledwe, makamaka pogwiritsa jenereta, monga ambiri anachitira mu 2024 magetsi atasowa chifukwa cha kuchepa kwa madzi m'damu la Kariba. Ndipo ndi bwino kulumikiza HDMI zida zili zozima, pakuti bowo lake limatha kupsa. Zonse zikalumikizidwa koma khoma likadali labuluu, asanaweruze chingwe munthu adine batani lolembedwa Source kapena Input kufikira dzina la bowo lomwe walowetsamo litaoneka, ndipo pa kompyuta ya Windows adine batani la Windows pamodzi ndi P, nasankhe Duplicate.