Wailesi m'Minda ya Tiyi ya ku Thyolo: Dzulo ndi Lero

Pamene Azungu anayamba kubzala tiyi m'mapiri a Thyolo cha m'ma 1908, ataona kuti mbewuyo yachita bwino ku Mulanje kumene Henry Brown anaibzala m'chaka cha 1891, anthu amene anadza kudzagwira ntchito m'mindamo, ambiri a iwo Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi, analibe komvera za dziko koma pakamwa pa mnzawo. Mbiri inali kuyenda ndi miyendo: inadza ndi amtengatenga, inadza ndi sitima yoima pa Luchenza, inadzanso m'kalata ya mbale wa ku Salisbury kapena ku Johannesburg, imene munthu wophunzira ku mishoni ya Malamulo anali kuiwerenga mokweza pakhonde. Koma mawu olamula tsiku la munthu anali a kapitawo. Pakuti pansi pa thangata wokhala pa esiteti analipira malo a nyumba yake ndi thukuta, ndipo ntchito ya khutu lake inali kumva ndi kumvera basi.

Mawu oyamba a chinenero chathu odzera mumlengalenga anachokera ku Lusaka. Nyumba youlutsira mawu ya kumeneko, imene inayamba m'chaka cha 1941 pofalitsa nkhani za nkhondo, inakula nikhala Central African Broadcasting Station, yolankhula kwa anthu akuda a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'Chinyanja, Chibemba ndi zinenero zina. Koma kodi kulankhula kupindulanji ngati palibe wakumva? Pa chifukwa ichi Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la kumeneko, anafunafuna kampani yopanga wailesi yoti munthu wamba n'kuigula, kufikira kampani ya Ever Ready ya ku Britain inavomera. M'chaka cha 1949 inatuluka wailesi yotchedwa Saucepan Special, yozungulira, yobiriwira ngati thambo, imene thupi lake linali sefuliya yeniyeni ya aluminiyamu yopanda chogwirira. Mtengo wake unali mapaundi 5, ndipo batire lake, lalikulu ndi lolemera, masheleni 25.

Kwa wothyola tiyi, amene malipiro ake anali kuwerengedwa m'masheleni akadzaza tikiti, ndalama zotere zinali thukuta la miyezi yambiri. Motero wailesi inayamba kulowa m'nyumba za akalaliki, aphunzitsi, akapitawo aakulu ndi eni magolosale. Komabe wailesi ya munthu mmodzi inali ya komboni yonse. Dzuwa likapendeka, madengu atatulidwa pa sikelo, mwini wake anali kuitulutsa pakhonde, nakoleka waya pa nsungwi yaitali, napotokola kachitsulo pang'onopang'ono pakati pa phokoso ndi mluzu kufikira mawu atamveka. Amuna pa mipando, amayi pa mphasa, ana pansi, onse chete, kumvetsera gitala wa Alick Nkhata ndi moni wa abale okhala ku migodi. Nkhani zikatha anali kuitseka msanga, nailowetsa m'nyumba ataifunditsa nsalu, pakuti batire silinali la masewera.

Anthu sanachedwe kuzindikira kuti liwu lokomalo linali ndi mwini wake. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitakhazikitsidwa m'chaka cha 1953, chaka chomwecho chimene ku Thyolo kunabuka chipwirikiti pa nkhani ya malo ndi thangata, ambiri anayamba kumva nkhani za pa wailesi ndi khutu limodzi, lina atasungira chipani cha Congress. Ndipo pa 3 March 1959 ndi pa wailesi pomwe Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chisokonezo. Masiku amenewo panalinso anthu owerengeka, ambiri Azungu, amene anali ndi chilolezo cholankhulana ndi anzawo a kutsidya kwa nyanja pa makina a m'nyumba zawo, chizindikiro chawo chikuyamba ndi ZD6, chimene dziko litalandira ufulu chinasanduka 7Q. Iwo anali kulankhula ndi kumva. Wa kukomboni anali kumva kokha.

M'chaka cha ufulu, 1964, kunabadwa Malawi Broadcasting Corporation (MBC), ndipo nyengo yomweyo mawailesi ang'onoang'ono a matiranzisita, monga a kampani ya Nzeru ya ku Blantyre, anafika m'manja mwa anthu wamba. Mlonda wa ku fakitale anachezera nayo usiku, wanjinga anaimangirira pa handulo, mabanja anaseka ndi sewero la Kapalepale, nalandirapo mauthenga a maliro a kumudzi. Pamodzi ndi mawailesiwo panabadwa ntchito imene mbiri yathu siilemekeza mokwanira, ndiyo ya okonza mawailesi a m'misika ya Bvumbwe, Luchenza ndi pa boma. Taonani mmisiri wotere pa benchi lake: magetsi alibe, motero afutsa chitsulo pa mbaula ya makala kuti asungunule mtovu wowotcherera, akhudza kawaya ndi nsonga ya sikuludiraiva, khutu lili pa sipika, namva kumene mawu afera, achotsa kachipangizo m'wailesi yakufa, naukitsa nako ina. Ambiri a iwo sanaone khomo la koleji, koma anatsimikiza mawu a akulu akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndiwo anayamba kutsegula bokosi limene ena onse anali kungoligwadira.

Ana a luso limeneli tawaona m'masiku athu. William Kamkwamba wa ku Kasungu anayamba ndi kumasula mawailesi asanamange makina ake a mphepo opanga magetsi. Ndipo m'chaka cha 2009 dziko lonse linamva za mnyamata wa ku Mulanje amene, ndi zidutswa za mawailesi akale, anamanga nyumba youlutsira mawu yotchedwa Pachikweza. Anamangidwa, nalipitsidwa K50,000 chifukwa choulutsa popanda chilolezo cha MACRA, bungwe limene lamulo la 1998 linaika kuti liyang'anire mafunde. Lamulolo lili ndi chifukwa chake, pakuti mafunde osokonezana angaike ndege pangozi. Koma nkhaniyo inaonetsa poyera kuti nzeru ilipo, chosowa ndicho njira yoiyendetsa.

Njira imodzi yatseguka tsopano. M'wailesi yakale, kusankha siteshoni ndi kusandutsa mafunde kukhala mawu inali ntchito ya makoilo ndi matiranzisita, kotero kuti chimene inapangidwira ndicho inachita kufikira kufa kwake. Mu wailesi ya mtundu watsopano, yotchedwa SDR, kachipangizo kamangotola mafunde ndi kuwasandutsa manambala, ndipo ntchito yonse yotsala imachitidwa ndi pulogalamu ya pa kompyuta. Munthu akasintha pulogalamu, wasintha wailesi. Joseph Mitola analongosola ganizoli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo pulogalamu yaulere ya GNU Radio inayamba mu 2001, koma zipangizo zinali zodula. Zinthu zinatembenuka mu 2012, pamene Antti Palosaari ndi anzake anaonetsa kuti kachipangizo kotsika mtengo koonera kanema, kokhala ndi chipu cha RTL2832U, kangathe kumva mafunde kuyambira pa 24 MHz kufikira kupitirira 1,700 MHz. Ndipo chaka chomwecho ku Cambridge kunatuluka Raspberry Pi, kakompyuta kokwana pachikhatho, ka madola 35, kosalira magetsi ambiri, kotero kuti sola yaing'ono ndi batire zikakwanira.

Mwana wa ku esiteti ya Satemwa kapena ya Naming'omba atakhala ndi ziwirizi, ndi eriyo yopinda yekha ndi waya, angaone ndi maso mafunde a masiteshoni a MBC ndi Zodiak ataima pa sikirini. Pa 1090 MHz angatsate ndege zopita ku bwalo la ndege la Chileka, kutalika ndi liwiro lake. Pa 137 MHz angalandire chithunzi cha mitambo kuchokera ku setilaiti ya zanyengo. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe mu March 2023 sangayese chinthu chotere choseweretsa. Ndiponso, popeza kachipangizoka kamangolandira osaulutsa, sikasokoneza mafunde a munthu wina aliyense.

Zovuta sitizibisa: zipangizozi zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zimene n'zosowa, ndipo malangizo ake ali m'Chingerezi. Koma mutu umodzi susenza denga. Pa Ndata, m'boma lomwelino la Thyolo, pali Malawi University of Science and Technology, imene inatsegulidwa mu 2014. Pali masukulu a sekondale, pali makampani a tiyi amene angathe kugulira sukulu iliyonse yoyandikana nawo zipangizo zingapo, palinso amisiri okalamba a m'misika odziwa kuwotcherera ndi kusaka vuto. Aphunzitsi alembe malangizo m'Chichewa, amisiri aitanidwe kudzaphunzitsa manja a ana, atsikana ndi anyamata omwe, ndipo amene akhwima athandizidwe kupeza chilolezo cha MACRA, kuti zidzukulu za othyola tiyi zilankhule ndi dziko lonse pa chizindikiro cha 7Q, mwaulemu ndi mwalamulo.