Mkhalapakati wa Ofuna Ntchito: Mbiri Yake m'Boma la Chiradzulu

Udindo wolumikiza munthu wofuna ntchito ndi womulemba, umene lero uli m'manja mwa ofesi ya zantchito ya boma ndi alangizi a m'sukulu zaluso, unayamba kalekale ku Chiradzulu, ndipo kwa zaka zambiri mkhalapakatiyu ankatumikira bwana wolemba ntchito osati mmphawi wolembedwayo.

Chiyambi chake chili m'minda ya azungu. Alomwe ambiri amene anathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anakhazikika pa esiteti ya A.L. Bruce ku Magomero, kumene anapeza thangata, ndiyo ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala ndi msonkho. Osonkhanitsa anthu ndi kuchonga masiku awo pa tikiti anali akapitawo, ndipo popeza tsiku silinkawerengedwa ngati munthu sanamalize ndime yake, mwezi wa thangata unkatalika kuposa mwezi weniweni. Nkhanza zoterezi zinali zina mwa zifukwa zimene M'busa John Chilembwe wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe anatsogolerera kuukira atsamunda mu Januwale 1915.

Kenako kunabwera olemba anthu opita kunja. Bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, limene anthu ankalitcha Wenela, linkatumiza amuna ku migodi ya golide ku Joni, pamene la Mthandizi linkawatengera ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia. Mnyamata wa ku Namitambo kapena ku Nguludi ankapita ku depoti ya Wenela ku Blantyre, pamalo pamene mpaka lero pamadziwika ndi dzinalo, n'kuyezedwa ndi dokotala, n'kudinda chala pa kontrakiti imene mwina sankatha kuiwerenga, kenako n'kukwera ndege ku Chileka mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, kumene ankapitirira pa sitima. Gawo lina la malipiro ake linkasungidwa kuti adzalandire atabwerera, ndipo ena anamangiradi nyumba za malata, koma ena anasanduka machona, kutanthauza amene anakhalitsa kunja osabwereranso kwawo.

Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Hastings Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma inatha mu 1988 pa mkangano wokhudza kuyeza ogwira ntchito kachirombo ka HIV.

Kuyambira pamenepo maganizo anatembenukira ku luso la munthu mwini. Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo sukulu monga ya DAPP Mikolongwe ku Chiradzulu konko zimaphunzitsa achinyamata kumanga ndi kusoka n'kuwatumiza kukayeserera ntchito kwa olemba anthu. Lamulo la zantchito la m'chaka cha 2000 linalamulanso kuti wolembedwa azipatsidwa mfundo za ntchito yake zolembedwa papepala.

Komabe ulendo wakunja sunathe, pakuti mu Novembala 2023 achinyamata oposa 200 ananyamuka kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. N'chifukwa chake mlangizi wa lero sayenera kuyamikiridwa potengera kuchuluka kwa anthu amene wawatumiza, koma potengera ngati aliyense wa iwo anamvetsa kontrakiti yake, akudziwa malipiro ake, ndipo ali ndi kokadandaula akalakwiridwa.