Chala, diso ndi mtunda wa kunyenyezi

Mukaima pa Likhubula ku Mulanje, tambasulani mkono, imikani chala chachikulu moyang'ana nsonga ya Chambe. Tsinzinani diso lamanzere, kenako lamanja. Chalacho chimalumpha, koma phiri lili phee. Chinthu chapafupi chimasuntha kwambiri, chakutali pang'ono chabe. Akatswiri a zakuthambo anayamba ndi nzeru yomweyi, imene amaitcha parallax.

Vuto linali lakuti maso a munthu ali moyandikana kwambiri. Choncho mu 1751 Nicolas-Louis de Lacaille wa ku France anapita ku Cape Town, mnzake Jérôme Lalande n'kukhala ku Berlin. Awiriwa anakhala ngati maso a mutu umodzi, kuyang'ana mwezi nthawi yofanana, ndipo anawerengera mtunda wake. Lero tikudziwa kuti ndi makilomita pafupifupi 384,000.

Nyenyezi zinakanika. Ngakhale dziko lonse linachepa. Kunafunika kuyeza lero, kudikira miyezi 6 kuti dziko lifike tsidya lina la dzuwa, makilomita 300 miliyoni kuchokera pomwe linali, n'kuyezanso.

Apa nkhani ibwereranso kuno ku Africa. Thomas Henderson wa ku Scotland anagwira ntchito ku Royal Observatory ya ku Cape mu 1832 ndi 1833, ndipo malowo sanawakonde n'komwe. Anabwerera kwawo ndi miyezo ya nyenyezi ya Alpha Centauri, koma pokayikira zida zake anaisunga. Mu 1838 Friedrich Bessel wa ku Germany analengeza mtunda wa nyenyezi ya 61 Cygni, ulemu n'kupita kwa iye. Henderson anatulutsa zake mu 1839, atachedwa kale. Sitingamudzudzule kwambiri: kusuntha komwe ankasaka n'kochepa ngati chotsekera botolo chooneredwa pa makilomita 4.

Kwa nyenyezi zakutali kwambiri chala chimalephera. Mu 1912 Henrietta Leavitt anapeza kuti nyenyezi zina zomwe zimawala n'kuzilala mobwereza zimaulula mphamvu yake yeniyeni, ndipo Edwin Hubble anagwiritsa ntchito zimenezi kuyeza mtunda wa Andromeda, gulu lalikulu la nyenyezi.

Nyenyezi ya Henderson ku Mulanje imaoneka bwino. Madzulo a Juni, chiperoni chikapanda kuphimba thambo, yang'anani kummwera: pa nyenyezi ziwiri zoloza gulu la nyenyezi la Mtanda wa Kummwera, yowala kwambiriyo ndiyo. Kuwala komwe mudzaone kunanyamuka zaka zoposa 4 zapitazo.