Flying Scotsman: Mutu wa Sitima Womwe Unkamwa Madzi Uli pa Liwiro

Pa 1 May 1928, nthawi ili 10 koloko m'mawa, sitima yapamtunda inanyamuka pa siteshoni ya King's Cross ku London. Sinaimenso paliponse mpaka inakafika ku Edinburgh, mtunda wa makilomita 631, patatha maola 8 ndi mphindi 3. Mabogi ake ankakokedwa ndi mutu woyendera malasha wotchedwa Flying Scotsman, nambala 4472.

Mutuwu unapangidwa ku Doncaster mu 1923 potsatira pulani ya katswiri Nigel Gresley wa kampani ya LNER. Kuti uyende ulendo wotere osapumira, panafunika kuthana ndi mavuto awiri, madzi ndi kutopa kwa anthu.

Madzi ankatungidwa sitima ikuthamanga. M'malo ena munali ngalande zazitali pakati pa njanji, ndipo wosonkheza moto ankatsitsa chitsulo chopindika chomwe chinkakokolola madziwo n'kuwakankhira m'thanki. Akachedwa kuchikweza, thanki inkasefukira, madzi n'kukhavukira bogi yoyamba.

Za kutopa, Gresley anaboola kanjira m'mbali mwa bogi yonyamula malasha, kopapatiza, kotalika mita imodzi ndi theka kupita m'mwamba moti munthu ankadutsa chowerama. Pakati pa ulendo, dalaivala ndi wosonkheza moto atsopano ankachoka m'bogi ya anthu n'kudzalandira anzawo. Ndipo kulandiridwako kunali koyenera. Bogiyo inkanyamula matani 9 a malasha, ndipo chilichonse cholowa m'ng'anjo chinkaponyedwa ndi fosholo, munthu ataima pa chitsulo chogwedezeka, moto ukumuwamba kumaso.

Pa 30 November 1934, dalaivala William Sparshatt anathamangitsa mutuwu mpaka makilomita 161 pa ola. Aka kanali koyamba ku Britain kuti liwiro lotere la sitima yamalasha litsimikizidwe ndi zipangizo zoyezera.

Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itabuka, utoto wake wobiriwira unafufutidwa, n'kupakidwa wakuda. Boma litatenga njanji zonse mu 1948, nambala inasintha kukhala 60103. Kenako kunabwera mitu ya dizilo, yosafuna munthu wokoleza moto mbandakucha kapena wowola phulusa usiku. Mu January 1963 Flying Scotsman inapumitsidwa, itayenda makilomita oposa 3 miliyoni.

Ikanatha kuphwasulidwa ngati anzake ambiri, koma wamalonda Alan Pegler anaigula pa mapaundi 3,000. Mu 1969 anapita nayo ku America kukaionetsa, ndipo ulendowo unamugwetsa m'ngongole mpaka chuma chake chinatheratu. William McAlpine ndiye anakaiwombola ku San Francisco mu 1973. Ku Australia, pa 8 August 1989, inayenda makilomita 679 osaima, kuchokera ku Parkes kukafika ku Broken Hill, ili ndi zaka 66.

Mu 2004 nyumba yosungira mbiri ya sitima ya National Railway Museum ku York inaigula pa mapaundi 2.3 miliyoni. Kuikonza kunatenga zaka 10 ndipo kunadya mapaundi 4.2 miliyoni. Inabwerera pa njanji mu February 2016, ndipo mu 2023 inakwanitsa zaka 100. Masiku ano imakoka mabogi a alendo okaona malo, ndipo malamulo a njanji za ku Britain sailola kupitirira makilomita 120 pa ola.